Nsalu siinama

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire, poti ine si mphunzitsi kapena mtolankhani ayi. Ndine mayi wageni. Ndimagulitsa zitenje mumsika wa Limbe, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chinayi ndili pabenchi yomweyo. Sukulu ndinalekezera Folomu 4, satifiketi ili m'sutikesi pansi pa bedi. Koma pali liwu limodzi la Chingerezi limene ndikukhulupirira kuti ndimalimva kambiri patsiku kuposa mphunzitsi aliyense wa Chingerezi m'Malawi muno. Liwulo ndi fake. Ife tinalikazinga mwathumwathu n'kukhala feki.

Mukafika pabenchi ya nsalu, inuyo makasitomala, funso lanu loyamba silikhala la mtengo. Mumayamba mwaigwira nsaluyo, kuitikita ndi zala, kuitembenuza, kuiunika kudzuwa, kenako n'kundiyang'ana m'maso: "Asisi, imeneyi si feki?" Ndipo tonse mumzere wathu yankho tili nalo limodzi, ngati tinaphunzira kalasi imodzi: "Aaa mayi, ine feki sindigwira. Orijino yeniyeni imeneyo." Pakamwa pamayankha pokha, mutu uli kwina ukuwerengera chenje.

Liwuli lafika paliponse. Tchaja ya foni imene imatentha ngati mbaula koma batire osadzaza, feki. Nsapato yolembedwa Adibas, feki. Mbewu ya chimanga yopakidwa utoto n'kuikidwa m'pepala lokongola, imene mlimi amaizindikira mochedwa m'mizere mutamera mwa apo ndi apo, feki, ndipo imeneyi ndiye yoopsa chifukwa imalowetsa njala m'nyumba. K5,000 itatuluka mu 2022 tonse mumsika tinasanduka akatswiri, aliyense kukweza ndalama m'mwamba kuiunika asanapereke chenje. Kenako liwuli linachoka pakatundu n'kukwera pa anthu: dokotala wopanda mapepala, mneneri wa zozizwitsa zokonzeratu, mnyamata wobwereka galimoto ya mnzake popita kukafunsira mbeta. Tsitsi, zikhadabo ndi nsidze za masiku ano nazonso timati feki, koma apa eni ake sakwiya, anagula okha akudziwa. Amene amakaoda ku Chipata ndi ku Lusaka anabwera ndi lina, gong'a. A ku Joni amati fong kong, a ku Zimbabwe zhing zhong. Awiri omalizawa amaloza chala dziko la China, koma foni imene ndikulembera nkhani inoyi inapangidwa konko ndipo ikutha chaka chachinayi, ndiye ine chala changa ndibweza.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti Chichewa sichinali chosowa mawu. Tili ndi bodza, chinyengo, chonamizira, chiphamaso. Makolo anali atanena kale za chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nanga tinabwerekeranji lina kwa azungu? Yankho langa ndi ili, ndipo ndinalilipirira K120,000, ndiye mulimvere bwino. Feki ndi liwu lopepuka. Mukanena kuti "nsalu iyi ndi yachinyengo" ndiye kuti pali wonyenga, ndipo wonyengayo ndi amene waima patsogolo panu, ndewu yayambika. Koma mukati "ndi feki," mlandu umagwera nsalu. Wogula ndi wogulitsa tonse timaiyang'ana nsaluyo mopukusa mitu, ngati yalakwa yokha, ngati inadzimata yokha stika usiku ife tikugona.

Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Ine ndinagona ndili ndi mpamba, ndinadzuka utafota, popanda wakuba kulowa m'nyumba. Nsalu zambiri zimene timagulitsa zimachokera kunja, ku Tanzania, ku Zambia, ku China, ndiye mitengo yoodera inakwera sabata yomweyo. Mwana wanga wamkulu anali Folomu 2 kusukulu yogonera konko, fizi ya Januwale ikundidikira. Ku banki m'khonde ndinali ndi ngongole, ndipo mukudziwa kuti Disembala ndi mwezi wogawana, wangongole sagona.

Masiku amenewo mkulu wina amene ndinkaodako mwa apo ndi apo anandikodola n'kundilowetsa kuseri kwa shopu yake. Anatsitsa mawu. "Achemwali, iyi ndi ija ija mumaidziwa ija, koma yalowa usiku, sinaone msonkho. Ndikupatsani pa theka la mtengo, bola musauze anzanu, ilipo yochepa." Anatambasula pisi imodzi. Yabuluu, maluwa achikasu, yonyezimira, stika yagolide ili pamalo pake, zilembo za m'mphepete zili bwinobwino. Ndinakhuthula pafupifupi ndalama zonse zimene ndinali nazo. Ndinatuluka ndi chimtolo pamutu ndikuyenda mothamanga ngati ndaba, mumtima ndikudziyamikira kuti koma ndine wochenjera.

Ndikuuzeni kaye za ntchito yathu, mwina zidzakuthandizani. Nsalu yabwino ya waksi ndi yathonje, ndipo utoto wake umalowa mbali zonse ziwiri, moti kusiyanitsa kumaso ndi kumbuyo kumavuta. Yotsanzira kumbuyo kwake kumakhala kotuwa. Kunyezimira kusakunamizeni, kawirikawiri ndi zopaka pamwamba zimene zimachoka mukangochapa kamodzi. Mayeso osanama ndi a machesi: sololani ulusi m'mphepete, muuyatse. Thonje limapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amakhwinyata, kusungunuka, kununkha pulasitiki, n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Zonsezi ndinkazidziwa. Kuseri kwa shopu kuja sindinachite n'chimodzi chomwe, chifukwa munthu ukamaganiza kuti ukuba sufunsa mafunso ambiri. Ndinakachitira kunyumba, usiku, ana atagona. Ulusi unasungunuka. Ndinaviika nsonga ya nsalu m'kapu ya madzi a sopo, madziwo anasanduka ngati inki.

M'mawa ndinabwerera. Mkulu uja anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Lisiti ndinalibe. "Mukadandaula kuti, achemwali? Mukanena kuti munagula chiyani?" Ndinatuluka chamutu pansi.

Nkhaniyi ikanathera apa ndikanakhala munthu wabwino m'nkhani yanga yomwe. Ndikanaika nsaluzo pa K3,500 chitenje chimodzi, ndalama yanga n'kumabwerera pang'onopang'ono, basi. Ndipo ndimo ndinaganizira poyamba. Koma phindu lake likanakhala K500 pachitenje, losakwana ngakhale chiwongoladzanja cha ku banki m'khonde.

Lachinayi la sabata yomweyo kunabwera mayi wina wa ku Bangwe, wamsinkhu wa mayi anga, atakumbatira kachikwama pachifuwa. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali ndi chinkhoswe, ndipo ankafuna zitenje 40 zofanana za akuchikazi. Ndalama anasonkha pachibale, ena anachita kutumiza kuchokera kumudzi ku Mulanje atagulitsa nandolo. Maso awo anagwera pa yabuluu ija. Anaitikita, anaiunika, kenako funso lija.

"Mwana wanga, imeneyi si feki?"

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinazengereza, kuti mtima unandigunda. Ayi ndithu. Pakamwa panayankha pokha monga mwa masiku onse. Ndinawauza kuti mtengo wake ndi K7,500, koma poti atenga zambiri ndiwachotsera, apereke K6,500. Anandithokoza. Anandidalitsa, abale. Anawerenga K260,000 pabenchi panga, ndalama zina zopindapinda zonunkha utsi wa kumudzi. Loweruka lake ngongole ya ku banki m'khonde ndinabweza yonse, amayi anzanga n'kundiombera m'manja. Madzulo ake ndinajambulitsa nditaima pabenchi, chithunzi n'kuika pa Facebook, pansi pake ndinalemba zothokoza Mulungu chifukwa cha geni. Ena mwa inu munaikapo mitima.

Chinkhoswe chinachitika Disembala ali pakati, panja, pansi pa tenti yosakwana anthu onse. Mvula ya Disembala mukuidziwa. Inawapeza ali mkati mwa perekaniperekani, akuchikazi onse atavala yabuluu ija ndi mabulauzi oyera.

Lachiwiri ndinawaonera patali akudutsa mzere wa mapoto, jumbo ili m'manja, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Sanakalipe. Bola akanakalipa, anzanga akanabwera kudzandithandiza kukalipa, poti mumsika timatero. Anangotulutsa bulauzi m'jumbomo n'kuiyala pamwamba pa nsalu zanga. Kuyambira m'chiuno kukwera m'mwamba inali yabuluu, mawangamawanga.

Ndinayamba nyimbo yathu ija. "Pepani mayi, nanenso anandipusitsa, nsalu ija inali feki, masiku ano feki yachuluka..."

Anakweza dzanja. "Nsalu siinama, mwana wanga. Ija ndi nsalu basi. Ikanakhala ndi pakamwa ikanandiuza mtengo wake weniweni, ndipo mwina ndikanaigulabe, tikanangodziwa kuti tisaime nayo pamvula. Ine ndinafunsa iwe. Feki si nsalu ija ayi. Feki ndiwe."

Kenako ananena chimene chinawabweretsa, ndipo sinali nkhani ya mabulauzi. Alamu awo ndi achibale ena ankanena kuti iwo anagula dala nsalu yotchipa, ndalama yotsala n'kudya. Mayi amene analera ana a abale awo, amene amasunga ndalama za maliro pamtundu pawo, tsopano ankatchedwa wakuba pa chinkhoswe cha mwana wawo yemwe. "Ndalama ubweza, subweza, zako izo. Koma dzina langa ndikulifuna." Anandilembera nambala yawo pachidutswa cha katoni, anatenga bulauzi yawo, n'kumapita.

Sindinawaimbire tsiku limenelo, kapena mawa lake, kapena sabata yonseyo.

Tulo tinasowa. Mwana wanga anali atabwera kuholide, ndiye usiku wina ndinamufunsa ngati zocheza kuti kodi fake kwenikweni amatanthauza chiyani. Anatenga dikishonale yake ya kusukulu. Akuti pa Chingerezi liwuli limagwira ntchito patatu. Ndi mfotokozi, monga ponena za ndalama kapena chiphaso chabodza. Ndi dzina, la chinthucho kapena la munthu wonamizirayo. Komanso ndi mneni, kutanthauza kupanga chinthu chabodza kapena kunamizira, monga kunamizira kudwala kapena kusaina dzina la munthu wina. Mwaona pamene tinachenjerera? Pobwereka tinatenga ziwiri zoyambazo, mneni tinamusiya paboda. Zaka zonsezi mumsika sindinamvepo munthu akuti "ndafeka." Feki imangopezeka ngati bowa, yopanda woidzala.

Taonani zimene timachita wina akatipatsa ndalama ya feki n'kuizindikira atapita kale. Ndi angati amaing'amba kapena kupita nayo kupolisi? Ambiri timaisunga pambali kudikira kachisisira, n'kuisakaniza m'chenje cha munthu wothamangira minibasi. Akatibwerera, yankho lilipo kale: nanenso anandipatsa. Ndalamayo imazungulira msika wonse, aliyense amene waigwira ndi wolakwiridwa, wolakwa palibe. Chimodzimodzi nkhani za pa WhatsApp. Mu 2017 a dikishonale ya Collins anasankha fake news kukhala mawu a chaka, nthawi imene Donald Trump ankawatchula kawirikawiri, ndipo nafenso tinawalandira. Timatumiza kumagulu asanu uthenga wakuti wakutiwakuti wamwalira, mwini wake akatulukira wamoyo timangoti "inali feki eti," ngati si chala chathu chinadina.

Tinagula bandulo n'kufufuza pa intaneti kumene liwuli linachokera, ndipo zimene tinapeza zinandiseketsa ngakhale ndinali pamoto. Si liwu la kusukulu ayi. Linali la akuba a mu London, m'chiyankhulo chawo chobisa chimene ankayankhulana kuti anthu wamba ndi oweruza asamve. Mmodzi mwa oyamba kulilemba ndi James Hardy Vaux, mbava ya ku England imene inathamangitsidwira ku Australia katatu konse ngati chilango. Mu 1812, ali paukaidi konko, analemba mndandanda wa mawu a akuba anzake kuti uthandize mkulu woweruza milandu, ndipo unasindikizidwa mu 1819. Mmenemo fake ndi mneni weniweni, ntchito ya manja: kumubera munthu, kumuvulaza, kusula makiyi abodza otsegulira maloko a eni, ngakhale kudzicheka mwendo dala kuti akuchotse ku usilikali. Ndiye kuti kwawo komwe liwuli linabadwa lili ndi mwini ntchito. Panali wochita, panali wochitiridwa.

Pafupi nalo tinapeza lina limene ndinkalimva m'mafilimu, phoney. Ine ndinkayesa likuchokera ku foni, poti mafoni a feki ndiwo atitopetsa. Ayi. Limeneli amakonda kunenera munthu wachiphamaso, woseka nawe mano okha, wodzionetsa chimene sali, ndipo linatchuka ku America cha m'ma 1900. Mwana wanga atawerenga tanthauzo lake ndinakumbukira chithunzi changa chija cha pa Facebook, koma sindinanene kanthu. Akatswiri ambiri a mawu amati phoney linachokera ku fawney, dzina limene akuba a ku England ankatchulira mphete, kuchokera ku liwu la chi Irish lakuti fáinne. Tamverani mmene ankabera. Munthu ankagwetsa dala pamsewu mphete yamkuwa yopakidwa golide, n'kuitola pamaso pa wodutsa, akunamizira kudabwa. Kenako ankamuuza kuti poti mwayiwu tauonera limodzi, ingondipatsani kangachepe, mpheteyi mutenge ndinu. Wodutsa uja ankapereka ndalama yochepa poyerekeza ndi golide, koma yochuluka zedi poyerekeza ndi mkuwa, n'kuchokapo msangamsanga mwini mphete asanatulukire.

A ku Limbe, a ku Lilongwe kudepoti, a ku Mzuzu, nkhani imeneyi simukuidziwa? Si ija ya mpukutu wa ndalama umene umagwa patsogolo pako, wina n'kukunong'oneza kuti tiye tikagawane kuseri, pamapeto pake iwe n'kutsala ndi mapepala odulidwa bwino, foni ndi ndalama zako zitapita? Zaka zoposa 200 zadutsa, nyanja zili pakati, msampha ndi womwewo. Ndipo umagwira bwino munthu amene wavomera kale mumtima kuti adye nawo za eni. Nditamva zimenezo ndinamuuza mwana kuti azimitse foni, bandulo ingathe. Zoona zake n'zakuti ndinadziona ndili kuseri kwa shopu kuja, mphete ili m'manja. "Yalowa usiku, sinaone msonkho." Ndinakodwa chifukwa ndinafuna kuba nawo. Koma mayi a ku Bangwe sanatole mphete ya munthu. Anabwera masanasana ndi ndalama zosonkha, anafunsa funso loyenera, analipira mtengo wa chinthu chenicheni. Nyimbo yanga ya "nanenso anandipusitsa" inathera pomwepo.

Ndinawaimbira Khirisimasi itangodutsa. Lamlungu masana ndinakwera minibasi ya ku Bangwe. Ndinapeza anthu asanu ndi awiri pakhonde, alamu aja ali pampando, ena pamkeka. Ndinakhala pamkeka. Ndagulitsa zaka zambiri, pakamwa panga sipachita manyazi, koma tsiku limenelo lilime linalemera ngati mtondo. Ndinafotokoza kuti mayiwa analipira K6,500 pa chitenje chilichonse, ndinaonetsa ndi m'kope langa momwe ndinalemba. Alamu aja anayang'ana kopelo nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Inuyo pogulitsa munkadziwa?"

M'minibasi monse ndinali nditakonza yankho lozungulira, la kugwa kwa kwacha, la fizi, la mkulu wa kuseri kwa shopu. Ndinayang'ana mayi aja, iwo akuyang'ana pansi, akutosatosa mkeka ndi chala.

Ndinati, "Ndinkadziwa, bambo."

Panakhala zii. Gogo wina amene sanayankhule chifikireni anangoti, "Chabwino, wanena." Tinagwirizana kuti ndibweza K3,000 pa chitenje chilichonse, yonse pamodzi K120,000, m'miyezi inayi. Za mabulauzi anandisiyira, kaya ndi chisoni kaya ndi kutopa. Ngati alamu aja anapepesa mayiwo, anapepesa ine nditachoka. Mwana wanga anapita kusukulu mochedwa ndi sabata ziwiri teremu imeneyo, ndipo chifukwa chake ankachidziwa, poti dikishonale ija anatsegula ndi iyeyo. Pa zonse, chimenechi ndicho chimandiwawabe.

Tsono pali china chimene ndinachipeza pambuyo pake, chinandisokoneza mutu, ndipo ndikufuna nanunso chikusokonezeni. Mumadziwa chifukwa chake zitenje zina timazitcha Java? Java ndi chilumba cha ku Indonesia. Anthu a kumeneko ndi akatswiri a luso la batik, kujambula maluwa pansalu ndi phula losungunuka, pamanja, kenako n'kuiviika mu utoto kuti pamene pali phula pasalowe. Nsalu imodzi imatha kutenga masabata, ina miyezi. Adatchi, amene ankalamulira dzikolo, anaona msika. M'zaka za m'ma 1800 anayamba kupanga zotsanzira ndi makina kwawo ku Netherlands kuti azikagulitsa motchipa kwa eni luso omwewo. Koma njira ya makinayo inkasiya timing'alu, utoto n'kulowerera kupanga timizere ngati mitsempha. A ku Java anaona kuti izi si zenizeni, sanazikonde. Nsaluzo zinakapeza msika kumadzulo kwa Africa, maka ku Gold Coast, imene lero ndi Ghana, ndipo kumeneko timizere tomweto ndito tinakopa anthu. Kampani ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond, imene inayamba mu 1846, mpaka lero ikupanga nsalu zimenezi, ndipo ndiyo imatengedwa ngati orijino ya maorijino. Ine sindinaigulitsepo, makasitomala anga sangaifike. Lero mafakitale otsanzira amachita kujambula timing'alu tija dala kuti nsalu ioneke yeniyeni. Ndiye taganizani: chimene ine ndimalumbirira pabenchi panga kuti orijino n'chotsanzira cha chotsanzira, ndipo chilema cha feki yoyamba ndicho chinasanduka chidindo cha ulemu.

Poyamba nkhaniyi inandisangalatsa molakwika. Ndinati basi, zonse ndi feki, nanga ine ndinalakwa chiyani? Koma sizikugwira. Mayi wa ku Ghana amene anagula nsalu ya Adatchi ankaona timizereto ndi maso ake, n'kusankha yekha. Kutsanzira pakokha si mlandu, telala aliyense mu Limbe muno amasoka sitayilo imene waiona pafoni. Ndipo kunena zoona, popanda nsalu yotchipa amayi ambiri m'dziko muno sakanamavala chitenje chatsopano pa Khirisimasi. Yotchipayo ili ndi ntchito yake: kuberekera mwana, kupita nayo kumunda, kukhala nayo pansi kumaliro. Imadzasanduka chinyengo pakamwa pa wogulitsa, m'kamphindi kaja ka pakati pa funso ndi yankho.

Lero benchi yanga ili ndi milu iwiri, kumanja zathonje, kumanzere zotchipa, ndipo machesi amakhala m'thumba la epuloni. Munthu akaloza ya kumanzere ndimamuuza kuti iyi isuluka, muichape payokha, musavalire choyera. Musandiombere m'manja, chifukwa geni yatsika. Ena akamva choncho amaisiya n'kupita benchi yachitatu kuchokera panga, kukagula nsalu yomweyomweyo pamtengo wokwera kwa munthu amene wawalumbirira kuti ndi orijino, n'kudutsanso pamaso panga akumwetulira. Anzanga amandiseka, akuti ndalowa mpingo watsopano. Ndipo pakamwa paja sipanasiyiretu. Kumapeto kwa mwezi, lendi ikayandikira, ndimamva yankho lakale lija likukwera kukhosi, ndipo si nthawi zonse pamene ndimalibweza lonse. "Ndi yabwino ndithu" ndimanenabe, ngakhale ndikudziwa kuti ameneyo ndi msuweni wa bodza.

Mayi a ku Bangwe sanabwerenso kudzagula. Ndalama yomaliza nditatumiza mu Epulo anangoyankha kuti "Ndalandira." Nthawi zina ndimawaona akudutsa mzere wa mapoto, timapatsana moni.

Sabata yatha kunabwera mnyamata wina, tayi pakhosi, nsapato zopukuta bwino koma zodyeka chidendene. Ankafuna chitenje cha mayi a bwenzi lake, Loweruka akupita kukaonekera ku Thyolo. Analoza ya kumanzere. Ndinamuuza zonse: achimwene, iyi ndi yotchipa, ndi poliyesitala, isuluka. Anafunsa mtengo wa ya kumanja, anawerenga ndalama zake kawiri, anaona kuti akagula imeneyo ya minibasi sitsala. Anati ndimupatse ya kumanzere yomweyo. Ndinayamba kumatula stika yagolide, monga ndimachitira masiku ano ndisanakulunge. Anandigwira dzanja.

"Ayi asisi, stikayo isiyeni."

Ndinamuyang'ana, iye anayang'ana kumbali. Ndinaikanikizanso ndi chala pamene inayamba kumatuka, ndinapinda chitenjecho bwinobwino stika ili pamwamba, n'kumuikira m'jumbo.